Kontena ya mabuku kuseri kwa depoti ya Dedza ndi buku la Batman lomwe latikanganitsa pakhomo

Kuseri kwa depoti ya mabasi pa Dedza boma, mukadutsa amayi ogulitsa kachewere n'kulowera kumene amakonza njinga zamoto, pali kontena yobiriwira yogulitsiramo mabuku akale. Ilibe chikwangwani. Anthu ambiri amapitako kukasaka mabuku a sukulu mayeso a Fomu 2 ndi Fomu 4 akayandikira, koma pansi pa shelefu ya kumanja pali makatoni awiri odzadza mabuku a nkhani za zithunzi, aja achinyamata amati makomiki. Amabwera m'mabelo pamodzi ndi mabuku ena a kaunjika, ndiye zomwe mwazipeza tsikulo ndi zomwezo. Lero mupeza Spider-Man, mwezi wamawa mupeza gawo lachitatu la nkhani yomwe gawo lake loyamba silinafikepo ku Malawi kuno.

Mwini wake ndi mnyamata waulemu, ndipo chomwe ndimamukondera n'chakuti katundu wakeyo amamuwerenga. Mukamufunsa za buku sakuuzani mtengo wokha, amakuuzaninso ngati mwana wa Sitandade 7 angalimve kapena ayi. Timabuku topyapyala amagulitsa K1,500, mabuku okhuthala amayambira K8,000. Amene alibe ndalama yogulira amabwereka sabata imodzi pa K1,000, n'kusiya chikole chomwe amabwezeredwa buku likabwerera lili bwino. Mayina a obwereka amalemba m'kope la sukulu. Vuto lalikulu la malowa ndi chinyezi. Nonse mukudziwa chifunga cha kuno mu Juni ndi Julayi, ndipo kontena yachitsulo imachita thukuta m'kati. Mabuku a pansi pa katoni amanunkha nkhungu, masamba ena amamatana. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ikani matabwa pansi pa makatoniwa, Dedza yonseyi matabwa ali mbwee." Anavomera, koma pomwe ndinkabweza buku makatoni anali akadali pansi.

Buku lomwe ndikufuna kunenapo kwambiri ndi la Batman lotchedwa Under the Red Hood, lolembedwa ndi Judd Winick, zithunzi zambiri anajambula Doug Mahnke. Nkhaniyi inkatuluka m'zigawo mpaka 2006, kenako anaiphatikiza kukhala buku limodzi. Anayamba kulibwereka ndi mwana wa mlongo wanga yemwe ndimakhala naye, ali Fomu 3. Atalimaliza anabwera nalo pomwe ndinkapala matabwa n'kunena kuti, "Malume, inu mumayenda usiku ndi achitetezo cha m'mudzi, tawerengani ili mundiuze ngati Batman ali ndi nzeru." Ndinalipira sabata ina kuti ndiwerenge ndekha.

Chingerezi chake si chovuta, mwana wa sekondale atha kuchitsata, kupatula mawu ena a m'misewu ya ku America. Zithunzi ndi zakuda, za usiku ndi mvula, ndipo nkhope za anthu zimaoneka kutopa ndi mkwiyo moti nthawi zina simufunika kuwerenga zomwe akunena. Chikuto cha kope la pakontenapo n'chomata ndi selotepi koma masamba onse alipo.

Kuti mumvetse nkhaniyi muyenera kudziwa zomwe zinachitika kale. Batman, ngwazi yobisa nkhope yomwe imalimbana ndi zigawenga usiku mumzinda wa Gotham, anali ndi mnyamata womuthandiza dzina lake Jason Todd, mwana wa m'misewu yemwe anamupeza akumasula matayala a galimoto yake. Anamutenga, kumulera, kumuphunzitsa, n'kukhala Robin wachiwiri, Robin likhala dzina la mnyamata wothandiza Batman. Mu 1988 kampani ya DC Comics inachita chinthu chomwe mpaka pano chimandiwawa ndikachiganiza. Inalemba nkhani yoti Joker, chigawenga chomwe ndi mdani wamkulu wa Batman, wamugwira Jason ku Ethiopia, wamumenya ndi chitsulo chozulira misomali, n'kumutsekera m'nyumba momwe munali bomba. Kenako inauza owerenga kuti aimbe lamya n'kuvota ngati mwanayo afe kapena apulumuke. Mavoti 5,343 anati afe, 5,271 anati akhale moyo. Kusiyana kwa mavoti 72 okha, mwana n'kufa. Chaka chomwecho, m'buku lina, Joker yemweyo anawombera Barbara Gordon, mwana wa mkulu wa apolisi a mumzinda wa Gotham, n'kumupundula miyendo.

M'buku lathuli Jason wabwerera ali moyo, wamkulu, atavala chisoti chofiira chobisa nkhope yonse. Sakuchitanso za Batman zogwira chigawenga n'kuchipereka kupolisi. Iye akupha. Chakumayambiriro akuitanitsa akuluakulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, n'kuwaponyera chikwama momwe muli mitu ya anyamata awo. Akuwauza kuti kuyambira tsikulo azimupatsa gawo la phindu, ndipo yemwe agulitse mankhwala kwa ana afa. Mwana wa mlongo wanga pamenepa ndi pomwe anamukondera. Akuti uyu ndiye akudziwa kuti umbanda sutha, bola kuugwira pakhosi.

Pomwe bukuli lili ndi mphamvu ndi kumapeto. Jason wamugwira Joker, wamumenya ndi chitsulo chonga chomwe anamenyedwa nacho, wamutsekera m'chipinda cha nyumba yosiyidwa, ndipo wamukokera Batman komweko. Ndinkayembekeza kuti amudzudzula chifukwa cholephera kumupulumutsa. Ayi. Zimenezo akuti anakhululuka kale. Chomwe chikumudya mumtima n'chakuti munthu amene anamupha akupumabe. Akumuwerengera manda omwe Joker wadzadza, anzawo omwe wawapundula, n'kunena kuti sakupempha kuti aphe zigawenga zonse za mu Gotham, koma uyu yekha. Wojambula anaika nkhope ya Jason pafupi, atavula chisoti, ndipo amene mukumuona pamenepo si chigawenga chija choponya mitu, ndi mwana yemwe akufunsa bambo ake chifukwa chomwe imfa yake sinasinthe kanthu. Ndinaika buku pansi kaye pamenepo. Aliyense amene anaikapo m'manda m'bale wake wophedwa, kenako n'kukumana ndi wakuphayo pamsika, funso limeneli akulidziwa.

Batman akuyankha kuti si kuti kupha Joker n'kovuta, n'kophweka kwambiri, ndipo palibe tsiku lomwe salakalaka kutero. Koma akangoyamba sadzabwereranso. Jason akumupatsa mfuti n'kumuuza kuti asankhe: amuphe Joker, kapena aphe iyeyo Jason kuti amuletse. Batman akuponya kachitsulo kake kakuthwa kooneka ngati mleme, kakumucheka Jason pakhosi, Joker akupeza mpata wophulitsa mabomba, nyumba ikugwa. Joker wapulumukanso.

Mwini kontena anandiuza maganizo ake mosapsatira pomwe ndinkabweza buku. "Bambo, akanangomupha basi. Anthu onse amene Joker wapha pambuyo pake, magazi awo ali pa Batman." Mphwanga wa Fomu 3 uja ali mbali yomweyo. Ine ndili mbali ina, koma sindikufuna kunamizira kuti mbali yawoyo ndi yopanda nzeru, chifukwa ndinaimva ndi makutu anga kuchokera kwa anthu omwe sanawerengepo komiki.

Usiku wina nthawi yokumba kachewere tinagwira mnyamata ali ndi mbuzi ziwiri, akulowera njira yopita kumalire a Mozambique. Aliyense ankamudziwa, kabwerebwere weniweni, wolowa ndi kutuluka m'ndende. Tisanamalize kumumanga manja anthu anali atadzadza, ena ndi zibonga, ena ndi matochi a pafoni. Wina anagubuduza tayala. Wina anatulukira ndi petulo m'botolo la madzi akumwa, ndipo fungo lake ndi lomwe linandiuza kuti zinthu zafika poipa. Tinamuzungulira ife achitetezo, wina akuimbira apolisi, wina wathamangira kukadzutsa amfumu. Agogo ena, eni mbuziwo, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, mukamupereka mawa abweranso. Ine ndidzagona liti?" Tinamupereka ali moyo. Anakagwira ukaidi, anatuluka, ndipo anabanso. Agogo aja sananame. Ndimakumana nawo kutchalitchi ndipo ndilibe yankho lowakhutiritsa.

Komabe ndikanati ndibwerere usiku umenewo ndikanaimanso pomwe ndinaima. Amene ananyamula petulo sanali mwini mbuzi, sanaberedwepo ndi mnyamatayo, ndipo m'mawa mwake palibe amene akanavomera kuti ndiye anayatsa machesi. Izi ndi zomwe zimandiopsa pa munthu wopha atabisa nkhope, kaya ndi gulu la mumdima kaya ndi ngwazi ya m'buku. Woweruza milandu ali ndi dzina, chigamulo chake chimalembedwa, ndipo akalakwitsa pali bwalo lina lokadandaulako. Batman alibe dzina lomwe anthu a mu Gotham akulidziwa, sanasankhidwe ndi aliyense, ndipo akalakwitsa palibe khomo lomwe mayi wa wophedwayo angakagogode.

Wina anena kuti mbuzi si moyo wa munthu, ndipo n'zoona. Joker si wakuba mbuzi. Oyandikira kwa iye kuno ndi aja amakwera kabaza madzulo ngati makasitomala, n'kukamupha mnyamata woyendetsa kuthengo chifukwa cha njinga yamoto. Anyamata a kabaza akamva kuti woganiziridwa wagwidwa, mkwiyo wawo ndi wa Jason ndendende. Koma taonani chinyengo chomwe chili m'buku. Ife owerenga timadziwa kuti Joker ndi wolakwa chifukwa wojambula anationetsa chilichonse, chitsulo chili m'manja mwake, magazi ali pansi. Pamoyo weniweni palibe amene amatijambulira. Timamva kuti akuti ndi uyu. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndiwo analenga mphenzi yomwe inapha mtsikana. Mu Marichi chaka chomwecho ku Nsanje anthu asanu ndi awiri anawotchedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mwezi womwewo konkuno ku Dedza gulu linathyola polisi, kutulutsa m'chitokosi munthu woganiziridwa mlandu wakupha, n'kumupha, mpaka ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inalankhulapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Onse amene anaponya miyala m'malo amenewa anali otsimikiza mumtima mwawo ngati momwe Jason alili wotsimikiza.

Apa ndi pomwe ndikulidandaula bukuli. Yankho lomwe wolemba anamupatsa Batman ndi lofooka. Kunena kuti ndikayamba kupha sindidzasiya ndi kulankhula za iwe mwini, za mtima wako, pomwe mwana amene waima patsogolo pako akukufunsa za manda. Mphwanga anaona msanga kufooka kumeneku, n'chifukwa chake akuti Batman ndi wodzikonda, akusunga manja ake oyera anthu ena akufa. Yankho lolimba linalipo koma silinanenedwe: kuti ntchito yogamula imfa ya munthu si ya Batman, ndipo munthu amene wamangidwa kale, ali pansi, sangathawe, kumuwombera si kuteteza aliyense panthawiyo. M'buku lija la 1988 lomwe Barbara anawomberedwa, bambo ake, atazunzidwa koopsa ndi Joker, anamuuzabe Batman kuti amugwire motsata malamulo. Wapolisi wokalambayo anali ndi chifukwa chomveka kuposa cha ngwaziyo.

Pali kusiyana komwe anthu okangana nkhaniyi amakusokoneza. Mu filimu ya Superman ya 2013, iye anathyola khosi la mdani wake Zod pomwe Zodyo anali pafupi kuwotcha banja lina ndi moto wa m'maso mwake. Anthu ambiri anakwiya nazo, koma ine sindimuweruza. Chigawenga chikakweza chikwanje pa mwana ndipo palibe njira ina yochiletsera, amene wachigwetsa wateteza moyo, ndipo ngakhale malamulo athu amazindikira kudziteteza ndi kuteteza ena. Zomwe Jason akupempha ndi zina. Akupempha kunyonga munthu yemwe wagwidwa kale, chifukwa cha zomwe anachita dzulo ndi zomwe mwina adzachite mawa.

Ndipo kunyongako ngakhale boma lenilenilo, lokhala ndi makhothi, maloya ndi mboni, limachita nako mantha. Malawi chilango cha imfa chikadali m'malamulo, koma palibe amene wanyongedwa kuchokera mu 1992. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khothi Lalikulu linagamula kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ayenera kulandira chilango cha imfa mosayang'ana momwe zinthu zinachitikira. Milandu ya akaidi omwe ankadikira chingwe ku Zomba itaunikidwanso, ambiri anachepetseredwa chilango ndipo ambiri anatulutsidwa. Mu Epulo 2021 khothi la Supreme linamveka ngati lathetsa chilangochi, koma mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza anafotokoza kuti sichinathe. Anansi athu a ku Zambia anachithetsa mu Disembala 2022. Ngati anthu ophunzira malamulo, okhala ndi mafayilo patebulo masana dzuwa likuwala, akhala zaka zoposa 30 osafuna kukoka chingwe, ine sindingamupatse mphamvu imeneyo munthu mmodzi woyenda pamadenga usiku.

Funso lomwe bukuli silifunsa n'komwe ndi lomwe ine ndikanayambira. Batman wamugwira Joker kambirimbiri n'kumupereka. Amamutsekera ku Arkham, chipatala cha amisala chomwe amasungirako zigawenga, ndipo nthawi zonse amathawa. Fisi akamalowa m'khola usiku uliwonse, mwini mbuzi wanzeru amayamba wayang'ana mpanda wa kholalo. Bruce Wayne, yemwe ndi Batmanyo akavula chigoba, ndi mpondamatiki woti atha kumanga ndende yomwe munthu sangatulukemo, kulipira alonda osalandira ziphuphu, kuthandiza makhothi kuti milandu iziyenda. Jason sakumufunsa zimenezo, wolemba sakuzitchula, ndipo owerenga timatsala ndi njira ziwiri zokha, kupha kapena kulekerera. Agogo a mbuzi aja nawonso anatsala ndi njira ziwiri zomwezo chifukwa palibe amene anawaonetsa yachitatu. Akanakhala otsimikiza kuti wakuba akaperekedwa mlandu uyenda, mboni zitetezedwa, ndipo akatuluka pali womuyang'anira, sakanandigwira dzanja usiku uja.

Chifukwa chenicheni chomwe Joker samafera chili kunja kwa nkhani, ndipo ndi bwino achinyamata azichidziwa asanayambe kutengera nzeru za moyo m'mabukuwa. Batman atayamba kutuluka mu 1939 ankapha. M'nkhani yake yoyamba yeniyeniyo chigawenga chinagwera m'thanki ya asidi atachimenya, ndipo m'nkhani zina zoyambirira ankanyamula mfuti. Lamulo loti asamaphe linabwera kuchokera kwa akonzi a kampani chifukwa owerenga ambiri anali ana. Joker naye anayenera kufa mu 1940, m'buku lomwelo lomwe anaonekera koyamba, atadzibaya yekha ndi mpeni pomenyana. Mkonzi Whitney Ellsworth anaona kuti munthu ameneyu ndi wofunika kumusunga, ndipo anawonjezera chithunzi chosonyeza kuti akadali moyo. Kuyambira pamenepo amene amatsegula zitseko za Arkham ndi kampani yogulitsa mabuku, chifukwa Joker akakhala m'ndende mpaka kalekale malonda atha. Choncho mtsutso woti ndende yalephera kambirimbiri ndiye tingomupha wamangidwa pa ndende yomwe inalembedwa dala kuti izilephera. Ndende zathu zili ndi mavuto ake, kudzadza ndi kuchepa kwa chakudya, koma wopha anthu ambirimbiri satuluka ku Zomba mwezi uliwonse.

Olemba ena anayesapo kuonetsa mbali inayo. Mu nkhani ya Injustice ya 2013, Joker anamupusitsa Superman mpaka kupha mkazi wake Lois Lane ali woyembekezera, mzinda wa Metropolis n'kuphulika. Superman anamupha Joker pomwepo, ndipo kuchokera apo anasanduka wolamulira dziko mwankhanza. Nayonso ndi nkhani yokokomeza, sikuti aliyense wopha kamodzi amasanduka chilombo. Koma ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu ankatha kusowa chifukwa wina wamphamvu watsimikiza kuti ndi woopsa, tikudziwa kuti mphamvu yopha popanda wokufunsa siimira pa munthu mmodzi yemwe aliyense amavomereza kuti ndi woipa. Pakatoni pomwepo palinso timabuku ta Punisher, msilikali wakale yemwe anayamba kuoneka mu 1974 ndipo amapha chigawenga chilichonse chomwe wakumana nacho. Mwini kontena akuti ndi tomwe anyamata amalimbirana kwambiri. Ndinamupempha kuti asamabwereke ana a pulayimale, ndipo anati amatero kale.

Zofooka zina za bukuli ndi zazing'ono. Kufotokoza momwe Jason anaukira kwa akufa n'kosamveka, akuti munthu wina wamphamvu anamenya khoma la chilengedwe zinthu n'kusokonekera, kenako anamuviika m'dziwe lopatsa moyo. Gawo limenelo mutha kulidumpha osataya kanthu. Pakati palinso ndewu zingapo zongotalikitsa nkhani, ndipo chakumapeto mzinda wina woyandikana nawo ukuphulitsidwa popanda kufotokoza bwino, chifukwa zimenezo zikuchokera m'buku lina lomwe pakontenapo palibe.

Ngakhale zili choncho, K1,000 yanga sinapite pachabe, ndipo ndikanakhala ndi K8,000 yapadera ndikanaligula kuti anzanga a komiti yachitetezo aliwerenge tisanapite kukayenda usiku. Si buku la mwana wosakwana zaka 14, muli magazi ambiri ndi mitu yodulidwa. Wachinyamata akaliwerenga, kholo kapena malume awerengenso kuti akambirane, chifukwa Jason amalankhula mokoma ndipo mwana wosiyidwa yekha atuluka ali mbali yake. Kwathu mkanganowo sunathe, mphwanga akuti akabwereka la Punisher kuti andipezere mfundo zina. Kontenayo imatsegulidwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo mukafuna buku lokhuthala pitani m'mawa, musanalipire mutsegule masamba apakati muone ngati sanamatane.